Kulembetsa kampani ku America: abale athu adziwe izi

Ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo ena mwa iwo amalakalaka atayamba bizinesi yawoyawo. Ife tikuti asanathire ndalama zawo zonse m'bizinesimo, ayambe alembetsa kampani.

Kumeneko kampani salembetsa kulikulu ku Washington ayi. Chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi boma lake ndi malamulo ake. Ku Indiana munthu amatumiza chikalata chotchedwa Articles of Incorporation ku ofesi ya Secretary of State, kudzera pa intaneti pa INBiz. M'chikalatamo amalembamo dzina la kampani, chiwerengero cha masheya, komanso munthu wokhala ndi adiresi m'chigawomo woti azilandira makalata a boma ndi masamoni a khoti. Nambala ya msonkho, EIN, imachokera ku IRS ndipo ndi yaulere.

Kodi n'kuvutikiranji zonsezi? Lamulo limaiona kampani ngati munthu payekha. Ikalephera kubweza ngongole, okongoza amagwira katundu wa kampaniyo, osati nyumba yogona banja. Koma apa mpofunika kuchenjera: mabanki amakonda kuuza mwini kampani yatsopano kuti asainire kuti zikavuta adzabweza yekha, ndipo akatero nyumba ija ili pachiswe. Chinanso, mwini akadwala kapena kumwalira, kampani siifa naye. Masheya ake amapita kwa olowa chuma chake ndipo ntchito imapitirira.

Musaiwale: ku Indiana kampani imapereka lipoti kuboma zaka ziwiri zilizonse. Mukalekerera, boma limaithetsa.