Chimene Chimalumikiza Bala ndi Imfa pa Mlandu wa Kupha Munthu

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa abale a munthu amene wafa atamenyedwa ndi lakuti woganiziridwa uja wabwerera kumudzi, kapena kuti mlandu umene mudzi wonse umauyesa wa kupha wasanduka wa kuvulaza chabe, ndipo poti palibe wowafotokozera, iwo amathamangira kunena kuti penapake padyedwa ndalama. Ziphuphu sizikanidwa kuti ziliko, koma milandu yambiri yotere imagwa pa chinthu china chimene chimawonongeka m'masiku awiri kapena atatu oyamba, maliro asanaikidwe n'komwe. Boma, limene ndilo limazenga mlanduwo, liyenera kutsimikizira bwalo kuti munthu wafadi, kuti woimbidwa mlandu anachita chinthu chosaloledwa, ndiponso kuti chinthucho ndicho chinabweretsa imfayo. Mfundo yachitatuyi ndiyo imavuta.

Buku la malamulo a milandu ndi zilango la dziko la Malawi, lotchedwa Penal Code, limasiyanitsa kupha mwadala, kumene kuli m'gawo 209, ndi kupha popanda cholinga chakupha, kumene kuli m'gawo 208 ndipo ambiri amangokutcha kupha mwangozi. Milandu iwiriyi imazengedwa ku bwalo lalikulu lokha, ndipo kuchokera pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, woweruza sakakamizikanso kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala. Kusiyana kwa milanduyi kuli mu mtima wa wopalamula, koma yonse iwiri imafuna umboni wofanana wa chimene chinapha.

Funso loyamba limene bwalo limadzifunsa ndi lakuti, woimbidwa mlandu akanapanda kuchita chimene anachitacho, kodi malemuyo akanafabe pa nthawi imeneyo ndi mwa njira imeneyo? Ngati akanafabe, mlandu wa kupha palibe, ngakhale munthuyo anali ndi mtima woipa chotani. Mabwalo a kuno, poti malamulo awo anachokera ku England, amaunikirabe mlandu wa White wa mu 1910, m'mene munthu anathira poizoni m'chakumwa cha mayi ake, koma madokotala anapeza kuti mayiwo anafa ndi nthenda ya mtima poizoniyo asanagwire ntchito, motero mwanayo anamangidwa pa mlandu wofuna kupha osati wa kupha.

Komabe lamulo silifuna kuti bala likhale chifukwa chokhacho cha imfa, ndipo gawo 215 limatseka mipata yambiri imene wopalamula angafune kuthawirako. Amene wavulaza mnzake amayesedwa kuti wamupha ngakhale imfayo itabwera kudzera m'chithandizo cha kuchipatala, malinga ngati ochiritsawo anachita mokhulupirika ndi mwa luso limene wogwira ntchitoyo ayenera kukhala nalo. Amayesedwanso wakupha ngakhale zitaoneka kuti wovulalayo akanachira akadalandira chithandizo choyenera. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene watema mnzake ndi khasu pokangana za malire a munda sangapulumuke ponena kuti wovulalayo anachedwa kwa sing'anga mpaka bala linanyeka, kapena kuti anakana kugonekedwa m'chipatala. Mu mlandu wa Blaue wa mu 1975, mtsikana wa Mboni za Yehova amene anabayidwa ndi mpeni anakana kuthiridwa magazi, ndipo bwalo linagamula kuti wobayayo ndiye anamupha, popeza wopalamula sasankha chikhulupiriro kapena thupi la munthu amene wamuvulaza. Chimodzimodzi amene wafulumizitsa imfa ya munthu wodwala kale, ndi amene waopseza mnzake mpaka mnzakeyo, pothawa, n'kudziponya mumtsinje wodzaza kapena kudumpha pagalimoto yoyenda, ngati kuthawa koteroko kunali kwanzeru kwa munthu wogwidwa ndi mantha otero.

Apa lamulo limasiyana ndi zokamba za pasiwa, kumene funso loti wapha ndani limayankhidwa nthawi zina ndi maloto kapena ula. Bwalo silivomereza ufiti ngati chifukwa cha imfa, ndipo lamulo la ufiti la mu 1911 limalanga amene akunena mnzake kuti ndi mfiti. Gulu limene lagenda nkhalamba pokhulupirira kuti yalodza mwana ndilo limayankha mlandu wa kupha, ndipo munthu sangadzitchinjirize ponena kuti mwala wake sunali womaliza, chifukwa gawo 215 lija limamanga amene zochita zake zinapha pophatikizana ndi za anthu ena.

Lamulo lolembedwa ndi lamphamvu chotero, koma mphamvu yake nthawi zambiri imadalira pepala limodzi, ndilo lipoti la kupima mtembo. Kupima mtembo ndi ntchito imene dokotala amachita apolisi akapempha, yofufuza kunja ndi m'kati mwa thupi kuti adziwe chiwalo chimene chinawonongeka ndi chimene chinachiwononga. Akatswiri enieni a ntchitoyi ndi ochepa kwambiri m'dziko muno ndipo amapezeka m'mizinda, kotero m'maboma ambiri imagwiridwa ndi ogwira ntchito zachipatala amene ali ndi mzere wa odwala ukuwadikira pakhomo. Zotsatira zake n'zakuti lipoti lina limangonena kuti mtima unaima ndipo kupuma kunaleka, mawu amene ndi oona pa munthu aliyense amene anafapo chiyambire, ndipo sathandiza woweruza kudziwa ngati chinapha ndi chibonga, malungo kapena kuthamanga kwa magazi. Loya wa woimbidwa mlandu akaona lipoti lotere safunikanso kutsutsa kuti ndewu inachitika; amangofunsa wopimayo ngati anatsegula mutu, ndipo akayankha kuti sanatsegule, chikayiko chalowa, pamene lamulo limati chikayiko chomveka chimapindulira woimbidwa mlandu.

Abale nawonso amathandiza kuwononga umboni osadziwa. Mtembo ukakhala pakhomo nyengo yotentha, adzukulu atakumba kale manda ndipo anamfedwa akudyetsa khamu la anthu, palibe amene amafuna kumva zodikira apolisi, makamaka pamene apolisiwo anena kuti galimoto ilibe mafuta, mawu amene aliyense amadziwa kuti akutanthauza kuti mafutawo agule ndi ofedwa. Kunyamula mtembo kupita ku mochale ya chipatala cha boma, kuubwezanso kumudzi ndi kudyetsa operekeza ndi ndalama zimene sizilembedwa pa risiti iliyonse, ndipo mabanja ena amakananso kuti thupi la m'bale wawo ling'ambidwe. Maliro akaikidwa osapimidwa, kufukula kumafuna chilolezo cha bwalo, ndipo pofika nthawi imeneyo mnofu umene ukanaonetsa kukha magazi m'kati umakhala utatha.

Pamene munthu wakhala masabata angapo asanafe, chimene chimalumikiza tsiku la ndewu ndi tsiku la imfa ndi kalata ya kupolisi imene anapita nayo kuchipatala, pamodzi ndi kabuku kake ka kuchipatala m'mene munalembedwa malo a bala, mankhwala ndi masiku amene anabwererako. Kabuku kameneka kawirikawiri kamatayika pogawa katundu wa malemu, ndipo wofufuza amene sanakafunse sabata yoyamba sangakapezenso, makamaka akakhala kuti wasamutsidwa n'kusiya failo kwa mnzake amene sadziwa ngakhale mudzi wa mboni.

Chipepeso chimene banja la wopalamula limapereka pamaso pa mfumu, kaya ndi mbuzi, bokosi kapena chimanga cha pamaliro, chimatha kukhazika mitima pansi, koma sichithetsa mlandu, chifukwa mwini wake ndi boma, ndipo mphamvu youimitsa ili ndi mkulu wozenga milandu ya boma, osati abale kapena wapolisi wa pasiteshoni. Chimene chipepeso chimachita nthawi zambiri ndi kuziziritsa mboni, zimene zimayamba kuiwala zimene zinaona.

Kuchedwa kwa milandu yotere kumapweteka mbali zonse. Malamulo a kazengedwe ka milandu, monga anasinthidwira mu 2010, amati woganiziridwa kupha mwadala asasungidwe pa rimandi kupitirira masiku 90 mlandu usanayambe pokhapokha bwalo litawonjezera, koma m'ndende mumapezeka anthu amene akhala zaka failo yawo ikudikira lipoti la kuchipatala. Belo pa mlandu wotere imaperekedwa ndi bwalo lalikulu lokha, ndipo wosauka amadalira maloya a Legal Aid Bureau kuti amupemphere. Akatuluka pa belo, abale a malemu amayesa kuti wamasulidwa, pamene mlandu ukadalipo ndipo angathe kukafunsa nambala ya failo kupolisi ndi tsiku limene inatumizidwa kwa ozenga milandu, ngakhale kuti yankho lake nthawi zambiri limafuna maulendo angapo.