Baklava wa mtedza ndi uchi wa ku Kasungu

Ife okulira m'chidikha cha Kasungu timadziwika ndi fodya, komabe m'minda momwemo mumatuluka mtedza wa Chalimbana ndi CG7, ndipo m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu National Park alimi amaweta njuchi. Mtedza timaupanga nsinjiro kapena chiponde, uchi timathira m'phala. Tikaphatikiza ziwirizi ndi ufa wa tirigu tikhoza kuphika baklava, chakudya chotsekemera cha ku Turkey ndi mayiko oyandikana nalo. Baklava wa mumzinda wa Gaziantep ndi wotchuka kwambiri moti mu 2013 bungwe la European Union lidateteza dzina lake. Kumeneko amaikamo mtedza wa pistachio, koma wathu wapansiwu umakomanso.

Ntchito imayamba ndi kusankha mtedza. Njere zonyala, zosweka, zakuda kapena zowawa timataya, chifukwa zimatha kukhala ndi chuku. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo satha ngakhale titakazinga motani. N'chifukwa chake sitigula mtedza umene udawazidwa madzi posenda. Wabwinowo timakazinga makapu 2, n'kupukusa makoko, n'kusinja pang'ono mumtondo. Tikapitiriza kusinja usanduka chiponde.

Kenako timakonza madzi otsekemera kuti apeze nthawi yozizira. Timawiritsa kapu ya madzi, theka la kapu ya shuga ndi supuni ya madzi a mandimu kwa mphindi 10, ndipo tikaphula timathiramo theka la kapu ya uchi.

Chovuta ndi ufa. Timakanda makapu 2 a ufa wa tirigu, kamchere, masupuni 3 a mafuta ophikira ndi madzi ofunda kwa mphindi 10, kenako timavundikira kwa ola limodzi. Ufa wosapuma umabwerera m'mbuyo pofulula ndipo umang'ambika. Timaugawa timipira 12, n'kufulula kalikonse ndi botolo loyera patebulo lowazidwa ufa, mpaka kapyapyale moti zilembo za m'buku n'kumaonekera kuseri kwake.

Poyala m'chiwaya, chipepala chilichonse cha ufa timachipaka majarini wosungunula. Mafutawo ndiwo amaletsa zipepalazo kumatana, motero zikapsa zimakhala zokhukhuluza. Timayala 4 pansi, n'kuwaza theka la mtedza, 4 zina, mtedza wotsalawo, ndipo 4 zomaliza pamwamba. Timadula timagawo tisanaphike, popeza akapsa amaphwanyika ndi mpeni.

Mu uvuni amapsa pa madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 45. Ngati uvuni palibe, timachita monga pophika chikondamoyo: makala ochepa pambaula, ambiri pachivundikiro. Pamwamba pakafiira timaphula, n'kuthira madzi a uchi ozizira aja nthawi yomweyo. Zonse zikakhala zotentha baklava amafewa ngati phala, zonse zikakhala zozizira madziwo salowa.

Timamusiya usiku wonse kuti amwe bwino, choncho wophikidwa Lachisanu amakhala atakonzeka pa chakudya cha masana pa Sabata, ndipo akavundikiridwa amakhala masiku angapo. Kagawo kamodzi n'kokwanira chifukwa shuga ndi mafuta n'zambiri. Mwana wosakwana chaka chimodzi tisamupatse, popeza uchi umatha kudwalitsa makanda matenda oopsa.