BUKU LA DRACULA LINANDIPEZA M'BASI

Mwezi wa June ndinali kubwerera kwathu ku Chipata kucokera ku Lusaka. Titafika pa Nyimba, amai ena amene ndinakhala nao mpando umodzi anatsika, nandisiyira buku lakutha pamiyendo. Ndinawaitana pazenera kuti, "Amai, mwaiwala buku lanu!" Iwo anangoseka nati, "Sindinaiwale, atate. Mukatha kuwerenga mupatse wina." Dzina lao sindinalifunse.

Bukulo linali Dracula, lolembedwa ndi Bram Stoker wa ku Ireland, ndipo linasindikizidwa koyamba ku London mu 1897. Ndivomere kuti ndinalibisa m'cola. Kodi Akristu akanati ciani poona katekisti wao atanyamula nthano ya munthu wakufa woyamwa magazi?

Koma ndinaliwerenga, mausiku asanu. Nkhaniyi ilibe mlongosoli mmodzi. Yalukidwa ndi makalata, zolemba za tsiku ndi tsiku, ndi zodula za m'nyuzipepala, kotero kuti umaona ngati ukufufuza mlandu weniweni. Loya wacinyamata, Jonathan Harker, apita ku Transylvania kukathandiza mfumu ina, Dracula, kugula nyumba ku England. Asanacoke m'tauni ya Bistritz, mai wokalamba wa panyumba ya alendo amuveka korona wokhala ndi mtanda. Harker ndi wa Anglican ndipo anaphunzitsidwa kuti zotere zifanana ndi kupembedza mafano, koma alandira kuopa kukhumudwitsa nkhalambayo. Patapita masiku owerengeka, mtanda womwewo ndiwo ubweza dzanja la Dracula pakhosi pake. Pamenepa ndinaima kanthawi: mphatso ya mlendo wosadziwika inapulumutsa munthu amene anailandira mwamanyazi.

Dracula aoloka nyanja ndi mabokosi 50 a dothi la kwao m'combo cochedwa Demeter, cimene cifika ku Whitby amalinyero onse atatha, mkulu wao atafa codzimangirira ku ciongolero. Kenaka namwali Lucy Westenra ayamba kufooka. Amuna anai ampatsa magazi ao mosinthana, popanda kupima, pakuti magulu a magazi anadziwika mu 1901 mwa nchito ya Karl Landsteiner. Lucy afa ndithu.

Pali malo amodzi amene anandiwawa. Dokotala Van Helsing wa ku Amsterdam atenga Hostia Yopatulika, aiphwanya, naisakaniza ndi phala lomatira ming'alu ya khomo la manda, nanena kuti ali ndi indulujensia. Stoker sanali Mkatolika ndipo apa anasokera kutali. Indulujensia ndiko kucotseredwa zilango za macimo okhululukidwa kale. Si cilolezo cocitira cinthu, ndipo palibe wansembe kapena episkopi angalole Thupi la Ambuye kusandutsidwa mankhwala ochingira mizimu. Ndinatsala pang'ono kuliponya m'mbaula.

Cimene cinandiletsa ndi Mina, mkazi wa Harker. Iye ndiye asonkhanitsa zolemba zonse, azitaipa, nagawira aliyense, kuti cimene adziwa mmodzi acidziwe onse. Ndipo adaniwo ayamba kupambana pokhapo ataleka kubisirana. Iyenso, ngakhale analumidwa, apempha amunawo kuti amvere cisoni Dracula, popeza nayenso ndi mzimu womangidwa. Sindinayembekeze kupeza cifundo cotere m'buku la mantha.

Tsono funso linatsala: ndilipatse yani? Kuno kwathu nkhani ya oyamwa magazi si yoseweretsa. M'zaka za m'ma 1930 mphekesera za banyama zinafala mu Northern Rhodesia, ndipo ngakhale ansembe a White Fathers ananamiziridwa kuti amagwira anthu ndi kuwacotsa magazi. Mu 2017 ku Malawi, mbiri ya anamapopa inayambira ca ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu osacepera 8 anaphedwa ndi anzao pongowaganizira. Dracula wa Stoker sanaphe munthu weniweni ngakhale mmodzi. Manong'onong'o ndiwo anapha. Komabe ndinaopa kuti buku lotere, litagwa m'manja mwa munthu wamantha, lingasonkhezere moto umenewo.

Maiko ena alipo mwambo wochedwa BookCrossing, umene anauyambitsa Ron Hornbaker ku America mu 2001: munthu alemba nambala m'buku, nalisiya pabenci kapena pasiteshoni kuti wina alitole. Ine sindinafune kulisiya lopanda mau. Ndinalemba pa tsamba loyamba kuti iyi ndi nthano yopeka, kuti za Hostia zalakwika, ndi kuti womaliza apatse mnzace.

Sabata yatha, pa siteshoni ya mabasi ku Katete, ndinaona mtsikana akuwerenga nyuzipepala yakale imene anakulungiramo nsomba. Ndinati, "Mwanawe, umakonda kuwerenga?" Anapinda maondo nalandira ndi manja awiri. Basi itanyamuka ndinamuona pazenera atafika kale pa tsamba lacitatu.