Amisiri a Timakola Tosaoneka ndi Maso

Pali amisiri ena omwe chomanga chawo sachiona ndi maso. Awa ndi akatswiri a kemisitiri amene amapanga timakola ta mamolekyulu. M'ngodya zake mumakhala maatomu a zitsulo monga palladium, ayironi kapena gallium, ndipo ngodyazo zimalumikizidwa ndi mamolekyulu a kaboni. Pakati pamatsala mpata woti mulowe molekyulu ina, imene eniake amaitcha mlendo.

Sasanja zidutswazi chimodzichimodzi ayi. Amazisankha mosamala, n'kuzisungunula m'madzi kapena m'mankhwala ena, n'kudikira kuti zigwirane zokha. Mmodzi mwa otsegula njirayi ndi Makoto Fujita wa ku Japan: mu 1990 anapanga kachimango ka ngodya zinayi, ndipo mu 1995 anatulutsa kakhola kokhala ndi maatomu 6 a palladium.

Luso lagona pa mfundo zolumikizirazo. Ziyenera kumasuka pang'ono kuti chidutswa chokhala molakwika chichoke n'kukhalanso bwino, koma zikafooka kwambiri, asidi pang'ono chabe amaphwasula zonse. Mlendonso sangolowa chisawawa. Julius Rebek ndi mnzake anasonyeza mu 1998 kuti amakhazikika bwino akadzaza pafupifupi 55 peresenti ya mpatawo. Zikatheka, zotsatira zake n'zodabwitsa. Mu 2009, gulu la Jonathan Nitschke ku Cambridge linatsekera phosphorus woyera, yemwe amayaka yekha akakumana ndi mpweya, m'kakhola ka maatomu anayi a ayironi. Phosphorus uja anakhala phee osayaka, mpaka ofufuzawo atathiramo benzene kuti amutulutse.

Nanga amene amatuluka thukuta ndani? Kawirikawiri ndi ophunzira a PhD ndi ofufuza achinyamata olembedwa ntchito kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Ndiwo amadontheza mlendo pang'onopang'ono m'kachubu, n'kumayeza pa makina a NMR kuti adziwe mmene wagwirira. Ndiwo amasuzumira m'timabotolo masabata ndithu, kudikira kristalo imodzi yoti akaiunike ndi X-ray, nthawi zina usiku wonse kumalo ofufuzira otchedwa Diamond Light Source ku England. Botolo likangotulutsa matope, amayambiranso.

Timakola tambiri sitinafikebe m'mafakitale, ndipo palladium ndi wokwera mtengo. Komabe ntchitoyi ndi yoyenera ulemu, ndipo ulemuwo usamathere pa mapulofesa okha. Achinyamata oyeza aja ndiwo aisenza.