Kalembedwe ka XML ndi ulendo wa malipoti ochokera ku Phalombe

PHALOMBE – Mwezi uliwonse zipatala za m'boma la Phalombe, monga cha Migowi, cha Nkhulambe ndi cha mishoni cha Holy Family, zimapereka malipoti a chiwerengero cha odwala malungo, amayi obereka ndi ana olandira katemera. Malipotiwa amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pa intaneti imene unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito, yomwe inapangidwa motsogozedwa ndi sukulu ya ukachenjede ya Oslo ku Norway. Kuti manambalawa achoke mu pulogalamu imodzi n'kulowa mu ina osasokonekera, pamafunika kalembedwe kapadera kamene akatswiri amakatcha markup.

Kompyuta payokha sidziwa tanthauzo la nambala. Ikapatsidwa 45, singazindikire ngati ndi odwala, matumba a chimanga kapena zaka za munthu. Markup ndi njira yoika zizindikiro kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu kapena nambala pofuna kunena chimene chili pakatipo. Mwachitsanzo, polemba <boma>Phalombe</boma> ndi <odwala>45</odwala>, makina alionse olandira uthengawo amadziwa kuti Phalombe ndi dzina la boma ndipo 45 ndi chiwerengero cha odwala.

Luso limeneli linayamba intaneti isanafale. Mu 1969 akatswiri atatu a kampani ya IBM, Charles Goldfarb, Edward Mosher ndi Raymond Lorie, anakonza GML, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa SGML imene inavomerezedwa ngati muyezo wa dziko lonse mu 1986. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Tim Berners-Lee, ali ku CERN ku Geneva, anapanga HTML yolembera masamba a pa intaneti. Koma HTML ili ndi zizindikiro zake zoikika kale, zothandiza kuonetsa tsamba kwa wowerenga, ndipo ilibe chizindikiro cha odwala kapena cha boma. Ichi ndi chifukwa chake bungwe la W3C linakhazikitsa XML mu February 1998, chaka chomwe Phalombe inapatulidwa ku Mulanje n'kukhala boma palokha. XML imalola bungwe lililonse kupanga zizindikiro zogwirizana ndi ntchito yake.

Ogwira ntchito m'boma ambiri amagwiritsa ntchito XML tsiku ndi tsiku mosazindikira. Kalata ya Word yothera ndi .docx ndi tebulo la Excel lothera ndi .xlsx, zimene zinafala kuyambira 2007, m'kati mwake zinalembedwa mu XML. Mafomu a kafukufuku odzazidwa pa foni kudzera mu ODK ndi KoboToolbox amadaliranso XML. DHIS2 imatha kulandira ndi kutumiza malipoti mu XML komanso mu JSON, kalembedwe kena kopepuka komwe kafala kwambiri masiku ano.

Komabe zizindikirozi sizikonza cholakwa cha munthu. Ngati kalaliki walemba 54 m'malo mwa 45, makina adzafikitsa 54 ku likulu ku Lilongwe mokhulupirika. Ngati ofesi ziwiri zalemba dzina la mudzi umodzi mosiyana, kompyuta idzawerenga midzi iwiri. Vuto lotere limakula pa nthawi ya ngozi, monga pamene namondwe wa Freddy anasakaza dera la Mfumu Yaikulu Nkhulambe mu March 2023, chifukwa maofesi a boma ndi mabungwe amalemba kaundula wa okhudzidwa nthawi imodzi. Kalembera wosagwirizana angachititse kuti banja lina lilandire thandizo kawiri pamene lina latsala chimanjamanja.

Motero udindo waukulu uli m'manja mwa akuluakulu a nthambi za pa khonsolo. Iwo ayenera kugwirizana pa mndandanda umodzi wa maina a midzi, mafumu ndi zipatala, kupereka nambala yosasintha kwa chilichonse, ndi kuonetsetsa kuti pulogalamu iliyonse imene boma lagula kapena kulandira kwa abwenzi a chitukuko imatha kutulutsa malipoti mu kalembedwe komwe mapulogalamu ena angawerenge.