Mwana Wovutika Maganizo Amachira Pakati pa Abale Ake

Kuyambira cha m'ma 1910 kufikira cha m'ma 1970, maboma a ku Australia anali kulanda ana a Aaborijini, eni nthaka a dzikolo, nakawalerera kutali ndi makolo awo. Anawo anakula osadziwa chinenero chawo ngakhale abale awo. Lipoti la mu 1997 lotchedwa Bringing Them Home linaonetsa kuti chisoni chimenechi chinafika ndi kwa zidzukulu zomwe. Nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa mu 2008.

Komatu kupepesa kokha sikupoletsa bala. Mabanja ambiri amaopabe kuulula vuto la mwana, kuti angawalande mwanayo. Nchifukwa chake zipatala zoyendetsedwa ndi Aaborijini eni ake, monga cha ku Redfern mumzinda wa Sydney, chotsegulidwa mu 1971, zimalemba antchito a mtundu womwewo. Iwo amayamba acheza ndi banja, agogo ali pomwepo, asanafunse za matenda. M'chigawo cha pakati, asing'anga otchedwa ngangkari amathandizana ndi madokotala.

Inunso makolo, mwana akasiya kudya, kugona kapena kusewera, musabise. Bwerani naye kuchipatala pamodzi ndi mbale amene mwanayo amamkhulupirira.