DAMBO LA CHEMBE: NKHOKWE YA MADZI NDI MALUWA

Munthu wocokera kumudzi akafika ku Kitwe amaona migodi ndi utsi, nayesa kuti zacilengedwe zonse zinatha. Koma pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumadzulo kwa mzindawu, kupitirira Kalulushi, kuli malo osungirako mbalame ochedwa Chembe. Dzinali m'Cibemba litanthauza nkhwazi, mbalame ya pa mbendera yathu.

Pakati pa malowa pali nyanja yaing'ono yozingidwa ndi dambo ndi nkhalango ya miombo. Mlendo wolawirira m'mamawa amapeza akakowa alikuyenda m'matope, abakha ndi atsekwe alikusambira pakati pa akakombo. M'nyengo ya dzinja udzu wa m'dambo umadzala maluwa amitundumitundu. Pano saloleza gwafa, msampha kapena nkhwangwa.

Dambo lotere ndi nkhokwe ya madzi. Limamwa mvula ya dzinja ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'cilimwe. Madambo a ku Copperbelt ndiwo amadyetsa mtsinje wa Kafue, umene madzi ake amwedwa ku Kitwe ndi ku Lusaka komwe.

Nanga madambo a kwathu tikuwasunga bwanji? Ambiri timawalima mpaka m'mphepete mwa madzi, timawatentha mu Okutobala, ndipo cikanda timacikumba osasiyako mbewu. Pambuyo pake tidabwa kuti zitsime zaphwa.

Mafumu ndi anthu ao agwirizane: pakati pa dambo pasalowe khasu, ndipo wokumba cikanda azisiyako cina kuti cidzaphukenso caka camawa.